Ku Katondo, mfuti ya m'filimu imamenya mbali ziwiri

Mukatsika basi ya ku Lusaka mu Kabwe, mutayenda makilomita pafupifupi 140 pa Great North Road, musathamangire kukajambulitsa pa mkuyu uja wa pakati pa tauni. Mkuyu sukuthawani. Kwerani takisi mupite ku Katondo, mukakhale pa benchi ya mu babashopu pamene TV siizima. Kumeneko ndi kumene tauni iyi imakambira nkhani zake: Kabwe Warriors, zigoli 107 za Godfrey Chitalu mu 1972, mgodi umene unatsekedwa mu 1994 nkutisiyira mtovu m'fumbi. Nkhani zikatha, amakamba mafilimu.

Ikani Jurassic World ya 2015, muone anyamata mwamene amayang'anira mfuti ya Chris Pratt, ija yotchera ndi chogwirira cha pansi monga ya makauboyi. Wina adzati, "Iyi ine ningaombe na dzanja limodzi." Mwandi, musamuvomere.

Mfuti ija ndi Marlin 1895, ndipo imadya chipolopolo cha .45-70. Asilikali a ku America anayamba kuchigwiritsa nchito mu 1873. Nambala 45 ikutanthauza kukula kwa chibowo cha mpope, pafupifupi mamilimita 11 ndi theka, kolowa nsonga ya chala chanu chaching'ono. Nambala 70 ndi muyeso wa wonga umene ankaikamo kale. Chipolopolo cholemera cha mtundu uwu chimafika magalamu 26. Cha AK-47, imene mumaiona paphewa la wapolisi pa banki, chili pa magalamu 8 chabe.

Manje apa ndi pamene sayansi ya ku sukulu, ija munkaithawa, ikubwerera. Mphamvu imene ikankha chipolopolo kutsogolo ndiyo ikankhanso mfuti kumbuyo. Mfuti ikakhala yolemera, imameza gawo la nkhonyayo. Koma iyi anaipanga yopepuka kuti mlenje aziyenda nayo m'thengo tsiku lonse, makilogalamu atatu ndi pang'ono basi. Ndi zipolopolo zofatsa imabwerera kumbuyo pa liwiro la mamita pafupifupi 4 pa sekondi, kukankha kolemera monga munthu wakutsekera chitseko paphewa. Mukaika zipolopolo zamphamvu za masiku ano, nkhani isintha. Mano amagundana, phewa limada, ndipo amene wasiya mpata pakati pa thako la mfuti ndi thupi lake amadziwa tsiku lomwelo kuti fupa la pakhosi lili pati. Ngati pali galasi loyang'anira ndipo diso mwaliyandikiza maningi, limakudulani pa nsidze.

Chimene chimandiseketsa ine ndi boza lina la mafilimu, loti munthu akaombedwa amauluka nkukagwera pa windo. Chipolopolo chikanakhala ndi mphamvu yotero, woombayo nayenso akanauluka. Palibe dairekita amene amafuna kuti muone zimenezo.

Mfuti zotere zinafikapo ku Africa. Theodore Roosevelt, atachoka pa upulezidenti wa America, anabwera ndi Winchester 1895 ku East Africa mu 1909 nkuphera nayo mikango. Koma alenje a laisensi amene amapita ndi alendo m'malo osakira nyama ozungulira Kafue National Park amakonda mtundu wina, monga .375, ndipo nayonso siiseka ndi phewa.

Mukafunsa madala a mu Katondo, makamaka amene anakulira kumidzi ya ku Lukanga, adzakuuzani za gogodela, mfuti yosulidwa pamanja, yothira wonga kukamwa nkusinja ndi kamtengo. Iyo ilibe muyeso wa fakitale. Wonga ukachuluka siikankha chabe, mpope umaphulika m'manja, zala nkutsala m'udzu. Ndiye pali lamulo. Mfuti yopanda laisensi ndi mlandu pansi pa Firearms Act, ndipo kusaka kapena kupezeka ndi nyama ya m'thengo popanda pepala ndi mlandu pansi pa Zambia Wildlife Act ya 2015. Uja amene amakunong'onezani kumsika ati ali na nyama youma yotchipa, sakuuzani kuti wogula nayenso amamangidwa. Ndende ya Mukobeko ili mu Kabwe momwemuno, simufunika na basi ya kutali.