Walira Mvula Walira Matope: Za Msonkho wa Pamsewu ku Joni

Akuluakulu akale pofuna kulangiza munthu wokonda zabwino koma wothawa mtengo wake ankati, “Walira mvula walira matope.” Mwambi umenewu unabadwira kumunda, koma masiku ano ukumvekanso bwino pamsewu wa phula.

Mdzukulu amene wayendetsapo galimoto kupita ku Joni akudziwa kuti akangowoloka mtsinje wa Limpopo pa Beitbridge amalowa mumsewu wa N1, umene umatsika kudzera ku Polokwane, Pretoria ndi Johannesburg mpaka kukafika ku Cape Town, mtunda woposa makilomita 1,900. Pafupi ndi mizinda msewuwo ndi wotambalala, magalimoto angapo amayenda mogundizana mapewa kulowera mbali imodzi. Koma pa Baobab, pa Capricorn, pa Nyl, pa Kranskop ndi pa Carousel pali zipata zimene dalaivala amaimapo n’kupereka ndalama, mpiringidzo n’kutukuka. Galimoto yaing’ono ili ndi mtengo wake, lole ilinso ndi wake wokwererapo, pakuti cholemera ndicho chimawononga msewu msanga. Misewu imeneyi ili m’manja mwa bungwe la boma la SANRAL, limene linakhazikitsidwa mu 1998.

Kusonkhera njira si chinthu chachilendo kwa Achewa. Kale mvula ikatha, nyakwawa inkamema mudzi kuti ukalambule njira ya kuchitsime, ya kumanda ndi yopita kumudzi woyandikana nawo. Banja lililonse linkatulutsa munthu ndi khasu, chifukwa chala chimodzi sichiswa nsabwe. Komatu mfumu yanzeru inkayamba yaitana anthu pabwalo, n’kuwafotokozera ntchitoyo, iwonso n’kuyankhapo. Ntchito yogwira munthu atavomera inkatchedwa yamudzi. Yogwira mokakamizidwa anthu ankaikumbuka ndi dzina lowawa lija la thangata.

Kusiyana kumeneku kunaonekera poyera m’chigawo cha Gauteng. Pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010, boma la South Africa linakuza misewu ikuluikulu yozungulira Johannesburg ndi Pretoria ndi ndalama zangongole. Pofuna kubweza ngongoleyo linaimika zitsulo zodutsa pamwamba pa msewu, zokhala ndi makamera owerenga nambala ya galimoto iliyonse. Panalibe kuima kapena mpiringidzo. Bilu inkamutsatira munthu pambuyo. Njira imeneyi, yotchedwa e-toll, inayamba pa 3 Disembala 2013.

Eni magalimoto anadandaula kuti sanafunsidwe mokwanira, ndiponso kuti msewu umene ankapitira kuntchito tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri unasanduka wolipira iwo atagona. Bungwe la OUTA linatengera nkhaniyo kukhoti, la apantchito la COSATU linatsogolera zionetsero, ndipo anthu miyandamiyanda anangoleka kulipira. Anthu omwewo akafika pa Carousel ankapisa m’thumba monga mwa masiku onse. Chimene ankakana ndi kusenzetsedwa katundu amene sanakambirane pabwalo. Potsiriza boma linagonja, ndipo pa 11 Epulo 2024 pakati pa usiku kulipiritsako kunatha.

Komabe mlandu suola. Ngongole ya misewuyo sinazime pamodzi ndi e-toll. Mu 2022 kunalengezedwa kuti boma lalikulu lisenza magawo 70 pa 100 alionse, ndipo chigawo cha Gauteng chisenza 30 otsalawo. Ndalama zimenezo n’zamisonkho ya anthu onse, kuphatikizapo mayi wa kumudzi ku Limpopo amene sanakwerepo galimoto pamisewu ya Johannesburg. Matope amene oyenda pamsewu anawalambalala anakathera pakhomo pa ena.

Ku Malawi nako zipata zafika: cha pa Chingeni chinatsegulidwa mu 2021, cha pa Kalinyeke ku Dedza mu 2022, zonse pamsewu wa M1, ndipo mitengo yoyamba inatsitsidwa anthu atadandaula. Mdzukulu woima pa chipata chotere ali ndi maudindo awiri amene makolo ankawadziwa. Woyamba ndi kupereka gawo lake mosazemba, monga banja linkatulutsira khasu. Wachiwiri ndi kufunsa mwaulemu koma mosaopa kuti ndalamazo zakonza msewu uti, pakuti wolambula nawo njira ankakhala ndi mawu pabwalo.