Mnyamata wa pa desiki yakumbuyo

Mu September 2024 a hedi anandiitana mu ofesi kukandifunsa za dimba la sukulu. Ndine ndinali kuliyang'anira. Tomato anali kufota, ndipo ndalama zonse zimene anandipatsa zinali zitathera pa feteleza. Cinali caka ca cilala cimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, pampu ya madzi ili duu, ana akutunga ndi zigubu. Ndinalonjeza kuti temu isanathe dimbalo lidzabweza kanthu, koma poyambira sindinali kupadziwa.

Loweruka ndinapita ku Kasisi, kuseri kwa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kukafuna manyowa. Kumeneko kuli Kasisi Agricultural Training Centre, imene a Jesuit anayambitsa mu 1974. Brother Paul Desmarais wa ku Canada poyamba anali kuphunzitsa ulimi wa feteleza ndi mankhwala, koma ca m'ma 1990 malowa anatembenukira ku ulimi wa manyowa. Ena olima ndiwo m'deralo amatsata njira imeneyi.

Pa kafamu kena pafupi ndi mtsinje wa Ngwerere, wondilandira anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa sayansi mu giredi 9. Ndinamukumbukira msanga. Anali kukhala pa desiki yakumbuyo, manotsi ake osatha, ndipo pa lipoti ndinali kumulembera mau amodzimodzi temu iliyonse: aziyesetsa. Mayeso sanakhoze.

Nditamufotokozera vuto langa, sanathamangire kukatenga wilibala. Anafunsa, "Ba sir, feteleza munathira nthaka ili yonyowa kapena youma?" Ndinati youma. Anafunsanso kuti timathirira nthawi yanji. Ndinati masana pa buleki, cifukwa ndi pamene ana amakhala ndi mpata. Anayang'ana pansi mwaulemu, ngati wondimvera cisoni.

Anandiuza kuti feteleza ali ngati mcere: pa nthaka youma amakoka madzi ku mizu, mbeu n'kupsa. Ine ndi digiri yanga ya ku yunivesiti, zimenezi ndimaziphunzitsa caka ciliconse, ndi cithunzi pa bolodi. Sizinandibwerepo m'mutu nditaima m'dimba langa.

Kenaka anandionetsa mabedi ake. Onse anali ofunditsidwa udzu wouma kuti cinyezi cisathawe. Pambali pa mbeu zina anakwirira mabotolo a pulasitiki oboola pansi, madzi akudontha pang'ono-pang'ono pa mizu penipeni. Manyowa a nkhuku amene ndinaloza anakana kundigulitsa. Anati sanapse, akapsereza mbeu monga feteleza uja. Pomaliza anatola kamtengo n'kuwerengera pa dothi zigubu zimene ana anga angatunge pa tsiku. "Tomato muiwale. Bzalani repu, mudzayamba kuthyola temu isanathe."

Pobwerera m'basi ndinayesa kuwerenga mitundu ya kuganiza imene ndinaona m'mawa umodzi. Anafufuza gwero la vuto asanapereke mankhwala. Anapanga cida kucokera ku zinyalala. Anaona patsogolo, kuyerekeza madzi ndi masabata otsala. Anakananso ndalama ya lero kuti kasitomala adzabwerenso mawa. Mwini famu anandiuza kuti akacokapo amasiya makiyi ndi buku la malonda m'manja mwa mnyamatayu, ngakhale pali anchito ena aakulu kumuposa.

M'kalasi mwanga ndinali kulipira mtundu umodzi wokha, wa kusunga m'mutu ndi kubweza pa pepala. Sindikuunyoza. Nesi ayenera kukumbukira mlingo wa mankhwala, kondakita ayenera kudziwa cenji popanda kakyuleta. Koma pa nchito, kaya ndi pa garaji ku Garden kapena pa kabuthu ka mobile money m'Mtendere, vuto limabwera lopanda mayankho anai oti musankhepo. Amene amatsala pamene ena akucotsedwa ndi uja amadziwa funso loyamba kufunsa.

Silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025 ku giredi 1 ndi fomu 1 imachula maluso amenewa: kuganiza mozama, kupanga zatsopano, kuthetsa mavuto. Pa pepala zili bwino. Nkhawa yanga ndi yakuti aphunzitsi ngati ine tikhoza kuwalemba pa bolodi n'kuuza ana kuti awaloweze pamtima.

Repu tinabzala. Ndalama sizinabwere zonse, zotsala ndinaonjezera za m'thumba. Masiku ano ndikamaphunzitsa za mizu ndi madzi, ndimatengera kalasi ku dimba, ndimazula mbeu imodzi yofota n'kufunsa amene angandifunse funso. Kawirikawiri dzanja loyamba limacokera kumbuyo.

Kwa mnyamata uja sindinapepese. Ndabwererako kawiri kukagula manyowa, ndipo nthawi zonse mau amandithera pakhosi. Iye amanditchabe ba sir, amandinyamulira thumba mpaka ku mseu.