Mwana wathu uja anasochera ku Bangwe

 Lero ndikufuna ndikuuzeni za mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa History ndi Geography kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4 pa sukulu yathu ino ya CDSS ku Ntcheu. Dzina sinditchula chifukwa mwini wake wandipempha choncho. Amene munali naye kalasi imodzi mumudziwa basi.

Mtsikanayu anakhoza bwino MSCE ndipo anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba. Mu 2024, pa tchuthi cha ku koleji, anapeza malo a attachment pa ofesi ina mu tauni ya Blantyre, kwa miyezi iwiri. Tonse tinakondwa. Chimene sitinachiganizire n'chakuti mwanayu anali asanapondeko mu Blantyre. Msewu wochokera kuno kupita ku Zomba umadzera pa Balaka ndi pa Liwonde, ndiye zaka zonsezi Blantyre ankangoimva pa wailesi.

Anafikira kwa azakhali ake ku Ndirande. Sabata ziwiri zoyambirira moyo wake unali wa minibasi imodzi yokha: mmawa kuchoka ku Ndirande kupita m'tauni, madzulo kubwerera. Pa nthawi ya nkhomaliro ankadya mandasi ali pampando wake, kuopa kuti akatuluka sadzaizindikiranso khomo la ofesiyo.

Tsiku lina Lachisanu anamutuma kukasiya makalata ku Limbe. Kupita anapita bwino chifukwa anamukweza ndi mnzake wa pa ofesi. Pobwerera ndi pamene zinavuta. Oitanira anamuzinga, wina kukoka chikwama, wina kukuwa, iye n'kungolowa minibasi imene inali pafupi. Anachita manyazi kufunsa kondakitala. Anazindikira kuti walakwitsa aliyense atatsika, iye ali ku Bangwe, dzuwa likulowa, chiperoni chikuwaza, ndalama zimene zinatsala zosakwana maulendo awiri. Amene anamupulumutsa ndi mayi wina wogulitsa tomato, amene anasiya malonda ake ndi mnzake, kumuperekeza pa siteji ndi kumuonjezera ndalama.

Usiku womwewo anandiimbira foni akulira. "Madamu, ine ndikubwerera kumudzi. Tauni ino si yanga." Amayi ake nawonso anali atamva kale, ndipo anati abwere mawa lomwelo. Mwana wamkazi asamayende yekha m'tauni ya akuba.

Nditadula foniyo tulo sitinabwere. Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ine kuwerenga mapu. Ankadziwa grid reference ya manambala sikisi, ankadziwa kusiyanitsa phiri ndi chigwa poyang'ana mizere ya pa pepala, ndipo Geography anakhoza ndi distinction. Koma kumuika pa depoti ya Limbe, zonsezo sizinamuthandize. Ndinadzifunsa kuti kodi ndinamuphunzitsa chiyani kwenikweni?

Ndipo ndinakumbuka za ine mwini. Ndili wophunzira ku Domasi, ulendo wanga woyamba wa ku Blantyre ndinatsikira pa Wenela. Ndinakhalira chikwama changa kwa maola anayi kudikira msuweni wanga, osapita ngakhale kukagula madzi. Pamalo pomwepo agogo anga aamuna ananyamukirapo kupita ku migodi ya ku Joni, pajatu dzina loti Wenela linachokera ku bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi lija. Iwo anakafika ku Johannesburg osadziwa kuwerenga, ine mdzukulu wawo wa dipuloma kuopa kuwoloka msewu.

Mmawa mwake ndinamuimbira. Ndinati, "Mwana wanga, usapite kaye. Ndipatse ma Loweruka atatu. Ukadzaonabe kuti sizikutheka, ndalama ya basi ndidzakutumizira ndine." Kenako ndinapita kwa amayi ake kukapempha zomwezo. Anavomera monyinyirika, ndipo anandiuza poyera kuti chikachitika china, mlandu ndi wanga. Mawu amenewo anandilemera miyezi iwiri yonse.

Homuweki imene ndinamupatsa inali yosavuta. Loweruka lililonse akwere minibasi imodzi mpaka kumene imathera, atsike, ayang'ane, abwerere dzuwa lisanapendeke. Ndalama yobwererera aisunge payokha, osati m'chikwama. Foni isamaonekere pa depoti. Asanakwere afunse kondakitala mokweza kuti ikupita kuti, ndipo akasokonezeka afunse amayi a malonda, pakuti safunsa anadya phula. Chomaliza, ayang'ane mapiri. Blantyre ndi tauni yozingidwa ndi mapiri: Soche kummwera, Michiru chakumadzulo, Ndirande chakumpoto. Munthu wokhala kunsi kwa phiri la Ndirande sangasowe kwawo ngati akweza maso.

Loweruka loyamba anangoyenda mu Masauko Chipembere Highway, kuchoka m'tauni kudzera pa Ginnery Corner, pa chipatala cha Queens, pa Chichiri mpaka ku Limbe, n'kubwerera. Anandiuza kuti pamene anamvetsa zoti oitanira akamakuwa kuti "Highway!" akunena msewu umenewu, theka la mantha linachoka. Ndinamukumbutsa kuti Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri osiyana mpaka 1956, n'chifukwa chake mzindawu uli ngati uli ndi mitima iwiri.

Loweruka lachiwiri anapita ku nyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri. Lachitatu foni inalira cha m'ma 11 koloko. "Madamu, ndili pa tchalitchi chija!" Anali pa St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamanga ndi anthu akuda kuyambira 1888 mpaka 1891, iye asanaphunzireko za zomangamanga. Zaka zimenezi mtsikanayu anaziloweza mu kalasi mwanga kuti akayankhe mayeso. Tsiku limenelo anagwira njerwa zake ndi manja. Kuchoka apo anayenda wapansi mpaka ku Mandala House, nyumba ya 1882 ija ya African Lakes, ndipo anandifunsa ngati n'zoona kuti dzinali linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir. Ndinati udalemba zimenezo mu Fomu 3, waiwala? Anaseka, nati nthawi imeneyo ankaona ngati ndi nthano.

Za basi yobwerera kumudzi sanazitchulenso. Sindikunena kuti zonse zinayenda myaa. Tsiku lina anamubera kachikwama ka ndalama pafupi ndi msika, ndipo anafika kunyumba chifukwa cha ndalama ija yosunga payokha. Koma ulendo uno sanalire. Pofika kumapeto, a pa ofesi ankatuma iyeyo ku Chirimba ndi ku Limbe, ndipo anabwereranso ku Bangwe mwadala, kukabweza ndalama kwa mayi wa tomato uja pamodzi ndi paketi ya shuga.

Anzanga aphunzitsi, ana athu ambiri a m'ma CDSS akumudzi amafika m'tauni ali ndi satifiketi yabwino koma ali ndi mantha ofunsa munthu wachilendo. Mantha amenewo ena timawadzala ndife, tikamakalipira mwana amene wafunsa funso mu kalasi. Ine kuyambira chaka chimenecho a Fomu 3 ndimawatuma awiriawiri pa trading centre yathu ino, akajambule mapu awoawo ndi kufunsa anthu atatu osawadziwa njira ya kwinakwake. N'zochepa, koma ndi zimene ndingathe popanda ndalama ya ulendo.

Inu ana anga amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Joni, ndiuzeniko za tsiku limene munasochera koyamba, ndi amene anakulozerani njira. Ndikufuna ndikawerengere azing'ono anu mu kalasi.