Si kapamba nthawi zonse

Koma zomwe ndamva mu minibasi pa Mlare lerozi sizikundichoka m'mutu. Azimayi amakambirana za mwana wotupa mimba mbali imodzi, osadandaula ululu, akuti ndi kapamba. Mwina, komatu khansa ya impso ya ana, ija ya Wilms, imayambanso choncho, makamaka kwa osakwana zaka 5.

Ku chipatala cha Queens ku Blantyre amayamba ndi mankhwala kuti chotupa chichepe, kenako opaleshoni. Kawirikawiri amachotsa impso yonse, inzakeyo n'kumagwira ntchito yokha bwinobwino. Zikagwidwa zonse ziwiri m'pamene madokotala amayesetsa kudula podwala pokha, kusiyako mbali yabwino, poti dialysis mwana wa kuno angaipeze kuti? Ulendo wa ku Blantyre wokhawo umadya tsiku lonse.

Kwanuko mwana akatupa mimba mumayamba mwathamangira kuti?