Nsima sindinaisiye, ndinaphunzira kuiyeza

Atandipeza ndi matenda a shuga, BP nayo inali itakwera, ndipo adokotala anati ndichepetse thupi. Ine ndinathamangira kusiyiratu nsima, mpunga, mbatata ndi buledi, koma glibenclamide ndinkamwabe m'mawa uliwonse. Mankhwala amenewa amakakamiza kapamba kutulutsa insulin, kaya munthu wadya kaya sanadye. Tsiku lina ndili pamzere kubanki ndinayamba kunjenjemera, thukuta lozizira lili kamukamu, m'maso muli mdima. Mayi wina wodziwa matendawa anandimwetsa Fanta msangamsanga. Shuga akatsika kupitirira 70 pa kamakina koyezera ndiye kuti watsika kwambiri, ndipo akapitiriza kutsika, munthu akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene. Chonde, amene muli pa mapiritsi otere kapena pa jakisoni wa insulin, musadule chakudya musanakambirane ndi adokotala. Ine anandisinthira mankhwala n'kundisiyira metformin, amene payekha satsitsa shuga mwadzidzidzi chonchi.

Kenako panabwera nkhani ya mgaiwa. Aliyense ankati, "Idyani mgaiwa, ndiwo wa odwala shuga." Zoonadi umaposa ufa woyera chifukwa gaga amakhala momwemo, koma ndi chimanga chomwecho. Nditadya mitanda itatu n'kuyeza patapita maola awiri, nambala inali m'mwamba. Thobwa ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga zinkandichita chimodzimodzi, ndipo zakumwazi n'zimene ndinavutika nazo kwambiri, chifukwa munthu ukamwa suona ngati wadya.

Panopa theka la mbale yanga limakhala bonongwe, nkhwani kapena mpiru, mbali ina usipa, nyemba kapena dzira, ndiyeno mtanda umodzi wosaposa chibakera changa. Ndimayambira ndiwo. Thupi latsika pang'onopang'ono, lamba ndamuboola bowo lina, BP nayo yatsika.

Chimene chinandipweteka mumtima ndi anthu. Kwathu kuno wonenepa ndiye akudya bwino, woonda ndiye ali ndi nkhani. Achibale anayamba kunong'onezana kuti mwina ndikubisa matenda ena. Pamaliro ndi paukwati amakuunjikira nsima, ukabweza amati wawanyoza. Ndinatopa n'kubisa, ndiye masiku ano ndimangonena poyera kuti ndili ndi shuga. Azakhali anga mpaka lero amandiwonjezera mtanda uku akudandaula kuti, "Mwanawe, watha." Ndimawathokoza, mtandawo ndimapatsa ana, ndipo ndimawachonderera kuti nawonso akayezetse, popeza mchimwene wawo, bambo anga, anadulidwa mwendo ndi matenda omwewa.