Nkhuni Zimene Sitinkaziwerengera

Kwathu kwa Njombwa, m'boma la Kasungu, ndinakula nthawi imene munthu sankagula nkhuni. Mayi ankangoti, "Ana inu, katoleni nkhuni kuseri uko," ndipo madzi a nsima asanawire tinali titafika kale ndi mtolo wa mombo wouma. Pamene munda wathera m'pamene thengo linkayambira. M'menemo munali masuku, bowa, mphalabungu, luzi lomangira nyumba ndi mankhwala a agogo. Lero mwana wobadwira m'mudzi womwewo amadziwa ndalama zogulira thumba la makala, koma muwanga sangauloze.

Chimene chinasintha dera lathu ndi fodya. Pa nthawi ya Dr Kamuzu Banda, mwana wa konkuno ku Kasungu, maesiteti a Press Farming ndi General Farming komanso alimi a Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority anadzaza chigwa chino ndi fodya wa fuluu. Fodyayu sauma ndi mphepo. Amamupachika m'balani ya njerwa, moto n'kumayaka usiku ndi usana pafupifupi sabata yathunthu, kutentha kukudutsa m'mipaipi mpaka tsamba litasanduka lachikasu. Balani ikangotsegulidwa, fodya wina walowa, moto wayambanso. Ndili mwana ndinkaona mathirakitala akututa zipika zimene bambo wamkulu sakanatha kuzikumbatira.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale, ndipo pafupifupi khomo lililonse linamanga chigafa. Bale safuna moto, koma chigafa chimafuna mphanda, phaso, mikangala ndi udzu. Chiswe chikadya, chaka china wadulanso. Esiteti inatenga mitengo ikuluikulu, ife tinamaliza ing'onoing'ono.

Fodya sindimunyoza, chifukwa ndiye anandilipirira sukulu. Ndiye anabweretsa malata, njinga, ngolo ndi wailesi m'midzi mwathu, ndipo ndiye amadzutsa malonda pa Chinkhoma okushoni ikatsegulidwa. Kwa zaka zambiri wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zimene dziko limagulira mafuta, mankhwala ndi feteleza. Koma ndalama yomweyo inkabwereranso kuthengo. Wopata bwino ankamanga nyumba ya njerwa zootcha, uvuni n'kudya mitengo ina.

Vuto linali pa kawerengedwe kathu. Mlimi ankalemba mbewu, feteleza, aganyu, chakudya cha matenanti ndi galimoto yonyamula mabelo. Nkhuni sankazilemba, poti ankati n'za Mulungu. Chonsecho nkhunizo ndizo zinkayendetsa ulimi wonse. Phindu limene tinkasangalala nalo linali ngati ngongole ya katapira: potenga imakoma, pobweza imapita ndi mbuzi zonse m'khola.

Tikubweza tsopano. Amayi amalawira m'mamawa kukafuna nkhuni kutali, ena akuphikira zitsononkho ndi mapesi. Mapesiwo akanawolera m'munda n'kubwezera chonde, koma akutha pamoto, nthaka n'kumafuna feteleza wochuluka amene mlimi sangamukwanitse. Madambo amene ankasunga madzi mpaka mvula ina akuuma msanga, ndipo mvula ikagwa dothi lathu limatsetserekera mu Bua. Wolima fuluu akugula nkhuni zochokera kutali, ndalama imene akanagulira ana mabuku.

Ena amati magetsi adzatipulumutsa. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi, za magetsi zinali pafupifupi 11 zokha. Magetsi ochuluka amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene matope ochokera m'mapiri ometedwa amasokoneza makina. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Zigayo zinaima, owotcherera zitsulo anakhala manja lende, ndipo a m'tauni anathamangira makala ochokera kumidzi ngati kwathu. Magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anayamba ku Salima mu 2021 ndi chiyambi chabwino. Nafenso tili ndi timasola pa madenga, towunikira ndi kutchajira foni. Komatu sola yaing'ono siphika nsima, siumitsanso fodya. Kwa zaka zikubwerazi, mtengo ukhalabe mafuta a munthu wakumudzi.

Njira tikuzidziwa. Pali zigafa zamoyo, zimene mphanda zake ndi mitengo yodzalidwa m'mizere, yosadulidwa. Pali mabalani a roketi, osalira nkhuni zambiri. Pali chitetezo mbaula, yowumbidwa ndi dongo la konkuno. Ndipo chitsa cha mombo chikaphukira, munthu n'kuchitengulira ndi kuchitchinjiriza ku moto wolusa, chimakula msanga kuposa mbande yochokera ku nazale. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April, timadzala mitengo, koma yambiri imathera m'kamwa mwa mbuzi ndi m'moto wa osaka mbewa chifukwa ilibe mwini.

Alimi anzanga, polemba zofunika za munda chaka chino, lembaninso nkhuni ndi mphanda, ndipo mudziwe kumene zidzachokere zaka zisanu zikubwerazi. Mafumu athu, tetezani nkhalango za m'midzi monga mumatetezera manda. Makampani ogula fodya, werengani mitengo imene yapulumuka, osati mbande zimene mwagawa. Popanda mitengo, fodya amene timadalirayu sitidzathanso kumulima.