Chala Changa Chinasanduka Nambala

Mu 2019, ndikugwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Midrand, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, bokosi lolemera linandigwera n'kundithyola chala chamkombaphala. Dokotala atandimanga sanachulutse mawu. Analemba S62.6, nambala ya chala chothyoka m'kaundula wa matenda wa ICD-10. Panafunikanso W20, yosonyeza kuti chinthu chinandigwera.

Ku South Africa, lamulo la COIDA la 1993 limati wovulala pantchito chithandizo chake chilipiridwe ndi thumba la Compensation Fund, motsata mitengo imene boma limalengeza chaka ndi chaka. Komatu thumba silimva kubuula, limawerenga manambala. Kalaliki wa kuchipatala anaiwala nambala yachiwiri ija, pepala linabwezedwa, ndipo makalata a ngongole anayamba kundilondola ine, mlendo wamantha. Ndinatsala pang'ono kupereka ndalama zimene ndinkasungira feteleza wa amayi ku Dedza.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wa bungwe la antchito. Anaika patebulo fomu ya abwana, W.Cl.2, ndi lipoti la dokotala, W.Cl.4, n'kuloza pamene panatsala mpata. Chalacho chinapola mokhota, ndipo m'nyengo yozizira chimandiwawabe.